SIWA: MUDZI WA MCHERE PAKATI PA CHIPULULU

Tonsefe tidakula tikudziŵa kuti mvula ndiye moyo. Ikachedwa timayang'ana kumwamba ndi nkhaŵa, ikagwa ana amavina pabwalo. Koma muno mu Africa muli mudzi wina umene eni ake adakhala zaka 700 akuiopa mvula. Ndipo sadalakwe kuiopa, pakuti m'chaka cha 1926 idagwa masiku atatu motsatizana, nyumba zao n'kuyamba kusungunuka monga umachitira mchere mumphika wa ndiwo.

Mudziwo ndi Shali, ndipo uli m'chigwa cha Siwa, kuzambwe kwa dziko la Egypt, lija timaliŵerenga m'Baibulo kuti Aigupto. Ambiri mwa anthu ake si Aarabu ai. Ndi a mtundu wa Berber, ndipo ali ndi chilankhulo chaochao. Tiyeni tiyendere limodzi malo ameneŵa, tione m'mene anthu oŵerengeka adasungira dzina lao pakati pa mchenga, ndiponso zimene zikuŵaopsa masiku ano.

NJIRA YA KU SIWA

Wofuna kupita ku Siwa amanyamuka ku Cairo n'kuloŵera kumpoto, kenaka amatsata gombe la nyanja ya Mediterranean mpaka pa tauni ya Marsa Matruh. Pamenepo amaifulatira nyanja ija n'kuloŵa m'chipululu, ulendo wa makilomita pafupifupi 300. M'njira monsemo mulibe mtsinje, mulibe munda, ngakhale mtengo woti munthu n'kuusapo. Ndi miyala ndi mchenga basi, mbali zonse. Kale anthu ankayenda pa ngamira, ndipo ankagona m'njira kupitirira sabata yathunthu. Mseu wa tara udafika m'zaka za m'ma 1980, tsono lero galimoto imangotenga maola anai kapena asanu.

Mwadzidzidzi mseu umayamba kutsetsereka, ndipo maso otopa ndi mchenga aja amaona nkhalango yobiriŵira ya mitengo ya kanjedza ndi ya azitona, ndi nyanja zoyera mbee ndi mchere m'mphepete mwake. Ndiye Siwa ameneyo. Chigwachi n'chotalika makilomita pafupifupi 80, m'lifupi 20, ndipo chili makilomita 50 okha kuchokera ku malire a Libya. N'chozama kotero kuti pansi pake mpotsika kuposa madzi a m'nyanja yaikulu ndi mamita ngati 18. Anthu okhalamo ndi opitirira 30,000.

Nanga madzi amachokera kuti, popeza mvula ya chaka chonse kumeneko imangokwana mamilimita 10, yomwe kwathu kuno imatha kugwa pa ola limodzi? Amachokera pansi. Kunsi kwa chipululu kuli thanthwe lomwa madzi ngati chinkhupule, loyala pansi pa maiko anai: Egypt, Libya, Sudan ndi Chad. Madziwo ndi a mvula imene idagwa zaka zikwizikwi zapitazo, pamene Sahara adali dziko la udzu ndi nyama. Popeza Siwa ndi dzenje, madzi aja amatumphuka okha pa akasupe pafupifupi 200.

KODI A BERBER NDANI?

Dzina loti Berber adaŵapatsa ndi alendo. Eni ake amadzitchula kuti Imazighen, mmodzi Amazigh, ndipo ambiri amalitanthauzira kuti anthu aufulu. Iwo ndiwo eni nthaka a kumpoto kwa Africa, amene Aroma ndi Aarabu adaŵapeza ali kale pomwepo. Lero ambiri ali ku Morocco ndi ku Algeria, ena ku Libya ndi Tunisia, ndipo abale ao otchedwa Tuareg amayenda ndi ngamira ku Mali ndi ku Niger. Siwa ndi umodzi mwa midzi yao yotsiriza cha kuvuma.

Ena mwa anthu a mtundu umenewu mumaŵadziŵa kale. Cha m'ma 945 Khristu asanabadwe, munthu wochokera ku fuko la ku Libya, dzina lake Shoshenq, adakhala Farao wa Egypt. Akatswiri ambiri a mbiri amati ndiye Sisaki uja adathira nkhondo Yerusalemu m'masiku a mfumu Rehobowamu. Mai Monica, amake a Augustine, adali wa ku Thagaste, tauni imene lero ndi Souk Ahras ku Algeria, ndipo dzina lao lenilenilo amati ndi la Chiberber. Adamwalira m'chaka cha 387, mwana wao uja n'kudzakhala bishopu wa ku Hippo mpaka imfa yake mu 430. Padalinso mfumukazi Dihya, wotchedwanso Kahina, amene adatsogolera ankhondo m'mapiri a Aurès kulimbana ndi Aarabu chakumapeto kwa zaka za m'ma 600. Ndipo Ibn Battuta, mlendo wotchuka amene adafika mpaka ku Mombasa ndi ku Kilwa m'chaka cha 1331, adabadwira ku Tangier m'banja la Chiberber.

KACHISI WA MAULA

Chimene chidatchukitsa Siwa kalelo si zipatso ai, koma kachisi. Pa kaphiri ka thanthwe kotchedwa Aghurmi padamangidwa kachisi wa mulungu wa Aigupto dzina lake Amun, m'nthaŵi ya Farao Amasis, amene adalamulira kuyambira 570 mpaka 526 Khristu asanabadwe. Ansembe a pamenepo ankaombeza, ndipo mbiri yao idaoloka nyanja mpaka ku Greece. Anthu ankapirira ludzu la m'chipululu kuti akangomva yankho limodzi.

Herodotus, mlembi wa Chigriki, adasimba kuti Cambyses mfumu ya ku Persia, atagonjetsa Egypt mu 525, adatuma asilikali 50,000 kuchokera ku Thebes kuti akatenthe kachisiyo ndi kugwira anthu ake ukapolo. Asilikaliwo sadafike ku Siwa, ndipo sadabwererenso kwao. A ku Siwa ankati mphepo yamkuntho yochokera kumwera idaŵapeza akudya, n'kuŵakwirira ndi mchenga onse. Akatswiri ena a masiku ano akuganiza kuti adaphedwa pa nkhondo ndi Aigupto oukira, koma mpaka lero anthu akufunafunabe mafupa ao m'chipululumo.

M'chaka cha 331 Khristu asanabadwe kudafika mlendo wamkulu koposa, Alexander mfumu ya ku Macedonia, ali mnyamata wa zaka 24. Adadzera njira yomwe ija ya ku Marsa Matruh, pa nthaŵiyo ikutchedwa Paraetonium. Alembi akale amati madzi adaŵathera m'njira n'kupulumuka chifukwa cha mvula yadzidzidzi, ndipo atasokera adatsata makwangwala. Atafika, wansembe adamlonjera ngati mwana wa Amun. Zimene adamva m'chipinda cham'kati sadauze munthu. Plutarch adalemba kuti Alexander adatumiza kalata kwa amai ake, Olympias, yoti chinsinsicho adzaŵauza iwo okha akadzabwerera kwao. Sadabwerere. Adafera ku Babylon mu 323, ndipo maiyo sadamve kanthu.

Makoma a kachisiyo akalipo, ndipo mlendo angathe kuima m'chipinda chomwecho. Chapafupi pali kasupe wozungulira, womangidwa ndi miyala, amene lero amamutcha dziŵe la Cleopatra. Ambiri amati ndiye kasupe wa Dzuŵa amene Herodotus adati madzi ake amazizira masana n'kutentha usiku. Chinsinsi chake n'chapafupi: madziwo sasintha, umasintha ndi mpweya. Masana kukatentha amamveka ozizira, usiku kukazizira amamveka ofunda.

AMUNA 40 NDI LINGA LA MCHERE

Ulemerero wa kachisi udazilala m'nthaŵi ya Aroma. Pambuyo pake Chisilamu chidafika, ndipo alembi a Chiarabu ankachitchula chigwachi kuti Santariya. Anthu adachepa kwambiri chifukwa cha achifwamba a m'chipululu amene ankabwera nthaŵi yokolola. Buku lina lolembedwa pamanja, limene banja lina la konko lidasunga, limati pofika chaka cha 1203 kudatsala mabanja asanu ndi aŵiri okha, amuna onse pamodzi 40. Ameneŵa ndiwo adasamuka ku Aghurmi n'kukamanga mudzi wa linga pa kaphiri kena. Adautcha Shali, kutanthauza mudzi m'chilankhulo chao.

Adamanga ndi chiyani, kopanda nkhalango ya mitengo ya milimo ndi nkhuni zootchera njerwa? Adatenga chimene chidalipo. M'mphepete mwa nyanja zao muli zibuma za mchere wosakanikirana ndi dothi, zotchedwa kershef. Ankaziswa, n'kumaziunjika ndi matope, mitanda yake ikhale mitengo ya kanjedza yong'aluza pakati. Khoma lotere likauma limalimba ngati mwala, ndipo nyumba imakhala yozizira m'chilimwe, yofunda m'nyengo yachisanu. Mdani wake ndi mmodzi yekha, madzi.

Poyamba linga lonse lidali ndi chipata chimodzi, chotsekedwa usiku. Akuluakulu a mudzi adaletsa kumanga kunja kwa khoma, tsono banja likakula linkangosanja chipinda pamwamba pa chinzake, mpaka nyumba zidafika nsanjika zinai, zisanu, zina kuposa apo. Tinjira tam'kati tidali topanikiza ndi tamdima, tongokwana bulu mmodzi ndi katundu wake. Anyamata osakwatira ogwira ntchito m'minda, otchedwa zaggala, sankaloledwa kugona m'mudzi. Ankagona kunja, ndipo iwo ndiwo adali alonda ndi ankhondo.

Madzi a kuminda ankagaŵana mwa nthaŵi. Mwini munda aliyense adali ndi maola ake otsegulira ngalande yochokera ku kasupe, ndipo padali munthu wosunga chiŵerengero chake kuti pasakhale wobera mnzake. Pa bwalo loyanikapo zipatso za kanjedza padali lamulo lokoma: aliyense, mlendo kaya mmphaŵi, adali ndi ufulu wodya mpaka kukhuta, koma osanyamula.

Kwa zaka mazana ambiri a ku Siwa ankadzilamulira okha, ndipo alendo sankaŵafuna. Mzungu woyamba wa masiku a pambuyo pake kufikako adali W. G. Browne wa ku England, mu 1792. Ufulu wao udatha mu 1820, pamene Muhammad Ali, wolamulira Egypt, adatumiza asilikali ndi mizinga. Mikondo ndi mfuti zakale sizidathe kulimbana ndi mizinga, ndipo kuyambira pamenepo Siwa adayamba kukhoma msonkho ku Cairo. Achifwamba atachepa, anthu adayamba kumanga kunja kwa linga pang'onopang'ono. Mvula ya 1926 ija ndiyo idatsiriza. Makoma adafeŵa, madenga adagwa, ndipo mabanja ambiri adatsika kukamanga pansi.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse idaŵapezanso komweko. Mu 1940 ndege za Italy zitayamba kuponya mabomba, anthu adathaŵira ku Gebel al-Mawta, ndiye kuti Phiri la Akufa, n'kumakhala m'manda akale osemedwa m'thanthwe. Amoyo adabisala kwa akufa. Pofukula malo ogona adatulukira manda okongola a munthu wina wakale wotchedwa Si-Amun, okhala ndi zithunzi zamitundumitundu pakhoma, amene alendo amakaona mpaka lero. Mu 1942 asilikali a Italy adakhala m'chigwachi miyezi ingapo, ndipo mkulu wa ankhondo a Germany, Rommel, adafikako.

ZIMENE AMAI ADASUNGA

Mlendo woyenda mu msika wa Siwa amadabwa kuona kuti amai ndi osoŵa. Ogulitsa ndi ogula ambiri ndi amuna ndi ana. Mkazi wokwatiwa akamatuluka amafunda nsalu yaikulu yobiriŵira ngati thambo, yotchedwa tarfottet, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kale kaŵirikaŵiri ankakhala pa ngolo ya bulu, woyendetsa ali mwana wake wamwamuna. Mwambo wa kumeneko ngwolimba, ndipo sitinganene kuti ngwopepuka kwa akazi. Kale mkazi wamasiye ankabindikira m'nyumba miyezi inai ndi masiku khumi, anthu akuopa kukumana naye. Tsiku lomaliza ankapita kukasamba ku kasupe, wolengeza atachenjeza anthu kuti apatuke m'njira.

Komabe m'nyumba zotsekazo ndimo mudasungika chuma cha mtundu. Amai a ku Siwa amapeta nsalu ndi ulusi wa mitundu isanu: wobiriŵira, wachikasu, wonga lalanje, wofiira ndi wakuda. Eni ake amati ndiyo mitundu ya chipatso cha kanjedza kuyambira chili chachiŵisi mpaka kupsa. Pa chovala cha mkwatibwi mizere ya ulusi imachokera pachifuwa n'kumwazika ngati kuŵala kwa dzuŵa, ndipo amasokererapo mabatani a zigoba zonyezimira. Mtsikana ankayamba kusoka zovala za ukwati wake akali wamng'ono, akuphunzira kwa amake ndi agogo ake. Amalukanso madengu a masamba a kanjedza, okhala ndi zivundikiro zosongoka ndi mphonje za ulusi.

Namwali wosakwatiwa ankavala mkombero wolemera wa siliva m'khosi, wotchedwa aghraw, ndipo pamenepo pankalendeŵera chimbale cha siliva chotchedwa adrim. Madzulo a tsiku loti maŵa ndi ukwati, ankapita ndi anzake kukasamba ku kasupe wa Tamusi. Kumeneko ankavula chimbale chija n'kupereka kwa amake kuti asungire mng'ono wake. Motero chimbale chimodzi chinkayenda kuchokera kwa mkulu kupita kwa mng'ono, mbadwo ndi mbadwo. Mseu utabwera, golide adaloŵa m'malo mwa siliva, ndipo zambiri za zokongoletsa zakalezo zidagulidwa ndi alendo n'kupita kunja. Zina zotsala zikuonetsedwa m'nyumba yosungiramo zakale yotchedwa Siwa House.

Chachikulu koposa chimene amai adasunga ndi chilankhulo. Chisiwi sichiphunzitsidwa kusukulu. Sukulu, boma, mzikiti ndi wailesi ya kanema zonse ndi za Chiarabu. Mwana amachiyamwa kwa amake, m'nyimbo zomugoneka ndi m'nthano za madzulo. Ku Morocco chilankhulo cha Chiberber chidavomerezedwa kukhala cha boma mu 2011, ku Algeria mu 2016, koma Chisiwi chilibe mwai wotere, ndipo bungwe la UNESCO lidachiika pa mndandanda wa zilankhulo zimene zili pangozi yoti n'kutha.

CHAKUDYA CHA MTENDERE

Tisaganize kuti anthu okhala okhaokha m'chipululu sankayambana. Kwa zaka zambiri Siwa adali wogaŵikana paŵiri, a kuvuma ndi a kuzambwe, ndipo mkangano waung'ono, monga wa njira kapena wa ngalande, unkatha kufika pokhetsa mwazi. M'zaka za m'ma 1800 mtsogoleri wina wa Chisilamu adaŵayanjanitsa, ndipo pokumbukira chiyanjanocho pali chikondwerero chotchedwa Siyaha. Chimachitika mwezi wa Okutobala, mwezi ukakhala wathunthu, patsinde pa phiri la Dakrur, ndipo chimatha masiku atatu.

Nyumba iliyonse imasonkha buledi. Amuna amaphika okha nyama ndi msuzi m'miphika ikuluikulu, n'kuthira pa buledi uja m'mbale zazikulu. Atatha mapemphero a masana onse amakhala pansi m'magulu, wolemera ndi wosauka mbale imodzi, ndipo palibe wotambasula dzanja mpaka chizindikiro chitaperekedwa. Amene adayambana m'chakacho amayenera kugwirana chanza chikondwerero chisanathe. Amai okwatiwa sapita kuphiriko, amatsala m'mudzi n'kumachezerana okhaokha. Akatha masiku atatuwo, ntchito yokolola zipatso za kanjedza ndi azitona imayamba anthu ali mtima umodzi.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Lero Siwa wasintha. Kuli magetsi, masukulu, chipatala ndi nyumba zogona alendo. Zipatso zake zimagulitsidwa kutali, madzi ake amathiridwa m'mabotolo n'kumwedwa ku Cairo, ndipo mchere wake umatumizidwa kunja. Mu 2016 bungwe la FAO lidalemekeza ulimi wa kanjedza wa ku Siwa kuti ndi choloŵa cha dziko lonse lapansi. Mabwinja a Shali adakonzedwa ndi thandizo la European Union n'kutsegulidwanso mu Novembala 2020, ndipo amisiri ake adamanga ndi kershef monga ankachitira makolo ao.

Koma akulu adati walira mvula walira matope. Kuyambira zaka za m'ma 1960 anthu adakumba zitsime zambirimbiri kuti akuze minda, ndipo zambiri zinkangotuluka madzi usana ndi usiku popanda chotsekera. Tikumbuke kuti Siwa ndi dzenje lopanda mtsinje wotulutsa madzi. Otsala kuminda adathamangira m'nyanja za mchere zija, nyanjazo zidakula n'kumiza minda ya m'mphepete, ndipo madzi apansi adakwera kufika ku mizu. Dzuŵa likaumitsa nthaka yotere pamwamba pamatsala mchere, mitengo ya azitona ndi ya kanjedza n'kumauma ili m'madzi. Mudzi wa m'chipululu udayamba kudwala chifukwa cha kuchuluka kwa madzi. Boma lidatseka zitsime zambiri, ndipo lidakumba ngalande yaitali yotaya madziwo kuchipululu cha kuvuma. Komanso madzi apansi aja ndi a mvula yakalekale, otungidwa sabwereranso.

Makolo amene ankagaŵana madzi mwa maola ankadziŵa chimene ankachita. Adalibe makina, koma kasupe mmodzi adadyetsa mibadwo yambiri popanda kuononga munda wa mnansi.

Chigwa chimene asilikali 50,000 adalephera kuchifika, lero basi imafikako tsiku ndi tsiku. Linga la mchere lidateteza anthu aŵa kwa achifwamba, ndipo chipululu chidateteza chilankhulo chao kwa zaka mazanamazana. Zonse ziŵirizi sizingaŵatetezenso. Chatsala ndi mlimi amene amatseka ngalande nthaŵi yake ikakwana, ndi mai amene madzulo amaitana mwana wake m'Chisiwi, mwanayo n'kuvomera m'Chisiwi momwemo. Mukadzaona zipatso za kanjedza m'sitolo, muŵauzeko ana ndi adzukulu za amuna 40 aja, ndi za amai amene adasunga mau a makolo ao kuseri kwa makoma a mchere.